Ndinaperekeza Abwana Mpaka pa Siteshoni

Ndisanalembe kalikonse m'mutu uno ndiyambe ndatchula mboni zanga, chifukwa ndikudziwa kuti inu ana anga, Tadala ndi Mphatso, mumati ndikamafotokoza nkhani ndimathiramo mchere wambiri. Mboni yoyamba ndi mayi anu, a Nangozo, amene akhala nane zaka zoposa makumi atatu ndipo sanandikonderepo ngakhale tsiku limodzi. Yachiwiri ndi a Jere, mkulu wa mpingo wathu, amene sanama chifukwa alibe luso lake. Yachitatu ndi Mayi Moira, amene anali abwana anga zaka khumi ndi chimodzi. Yachinayi ndi a Tam, nkhalamba imene inandithyola msana. Iwowa anamwalira, koma ali moyo sanatsutsepo mawu anga ndi amodzi omwe, ndipo chimwalirireni sanasinthe maganizo. Wofuna kukana zimene ndilembe pano ayambe wakumana ndi anthu anayiwa.

Chaka choyamba, ku Gorbals

Tinabwera ku Glasgow pa pepala la mayi anu. Iwo ndi amene anaitanidwa kudzagwira ntchito ya unamwino. Ine, amene ku Ntcheu ndinali kalaliki wolemekezeka wa pa depoti ya feteleza, ndinalembedwa m'munsi mwa fomu pamodzi ndi masutikesi awiri ndi iwe Tadala, uli ndi zaka zitatu. Mphatso anali asanaganiziridwe. Mvula inayamba tsiku limene tinatsika ndege, ndipo chaka chonsecho inakata kamodzi kokha, Lachinayi lina masana, ine ndili m'bafa. Mayi anu ndiwo anandiuza nditatuluka.

Ntchito yanga yoyamba inali kochapira nsalu za m'mahotela, ku Gorbals, tsidya la mtsinje. Ndinkapinda nsalu zoyala pabedi kuyambira m'mawa mpaka nthawi imene dzuwa, likanakhalapo, likanalowa. Kapitawo wathu ankayankhula Chingerezi cha kuno, ndipo ine, amene ndinakhoza Chingerezi bwino lomwe pa mayeso a Fomu 4, sindinkatolapo kanthu. Kwa miyezi isanu ndi itatu ndinkangogwedeza mutu ndi kunena kuti inde bwana. Mpaka lero sindidziwa zimene ndinavomera. Tsiku lotsanzikana mlongo wake anandikumbatira akulira, choncho n'kutheka kuti panali lonjezo lina lake.

Chaka chachiwiri mpaka chakhumi, ku Dennistoun

A Jere, amene masiku amenewo ankayendetsa takisi, ndiwo anandiuza kuti nyumba ina yosamalira okalamba ku Dennistoun ikufuna anthu. Ndinapita nditavala tayi. Podikira kuitanidwa ndinazungulira chipinda chochezera n'kupereka moni wa dzanja kwa nkhalamba iliyonse, kuphatikizapo ziwiri zimene zinali mtulo. Mayi wina wamfupi, wa juzi yobiriwira, anaima pakhomo akundiyang'ana. Nditamaliza anati, "Ndine Moira, woyang'anira pano. Mafunso ndinali nawo khumi ndi awiri, koma basi. Mubwere Lolemba."

Zaka zimenezo ndi zimene ndimakumbukira ndikakhala pa zenera masiku ano. Ntchito inali yosambitsa, kuveka, kudyetsa ndi kutembenuza anthu amene ana awo anali kutali kapena otanganidwa. Poyamba zinkandipweteka mtima kuti munthu angasiye mayi ake m'manja mwa alendo. Kenako ndinakumbukira kuti anga ndinawasiya ku Ntcheu, ndipo ndinaleka kuweruza. Nthawi ya tiyi, 3 koloko, amayi okalamba ankayamba nyimbo za m'tchalitchi, ine n'kulowapo m'Chichewa ndi besi. Ankadabwa kuti ndazidziwira kuti. Ndinkawauza kuti agogo awo anazisiya kwathu ndipo ine ndabwera kudzabweza.

Zosowa zinalipo. Eni nyumbayo ankakhala kutali kummwera, ndipo tinkawadziwa ndi makalata okha. Magolovesi ankatha pakati pa mwezi. Pamalo pofunika antchito anayi tinkakhala awiri, ndipo tsiku loipa awiriwo ndinali ine. Mayi Moira ankatukwana pa foni ndi mawu amene sindingalembe m'buku limene adzukulu adzawerenge, akamaliza n'kuvula juzi, kupinda manja a bulauzi, n'kudzatithandiza kusintha mabedi. Bambo anga atamwalira anandipatsa milungu itatu pamene lamulo la pa ntchito linkati masiku atatu, ndipo anayendetsa envulopu ya chipepeso mwa antchito anzanga. Muzikumbukira zimenezi powerenga zotsatirazi, musanandiseke kwambiri.

M'chipinda cha nambala 14, m'mwamba, munkakhala a Tam. Pa unyamata wawo ankawotcherera zitsulo za sitima zapamadzi m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, ndipo thupi lawo linatengera ntchitoyo. Ankalemera ngati matumba atatu a chimanga, kuphatikizapo njinga yowanyamulira. Chifukwa cha tayi ankanditcha Abusa. "Abusa, lero mundipempherere hatchi ya nambala 6," ankatero m'mawa uliwonse, poti ankakonda kubetcha pa mpikisano wa mahatchi, ine n'kuyankha kuti mpingo wathu supempherera ziweto za eni. Powadzutsa tinkagwiritsa ntchito makina onyamulira munthu, okhala ndi malamba ndi mawilo, amene pa ntchito timangowatcha hoisiti. Lamulo linali lomveka: a Tam sanyamulidwa ndi manja, ndipo sanyamulidwa ndi munthu mmodzi.

Novembala wa chaka chakhumi ndi chimodzi

Hoisiti ya m'mwamba inafa mu Ogasiti. Ya pansi sinkalowa mu lifiti. Mayi Moira analembera eni nyumba, eni nyumba anayankha kuti nkhaniyo aiona, ndipo anapitiriza kuiona mpaka masamba anayoyoka m'mitengo. Pa miyezi imeneyo a Tam tinkawasuntha anthu atatu ndi pemphero. Lachiwiri lina m'mawa, mnzanga wa shifiti atatsikira pansi kukathandiza wina amene anakomoka, ndinamva chiphokoso m'bafa. A Tam anafuna kuimirira okha ndipo anaterereka. Ndinawapeza ali chagada pa matailosi ozizira, alibe chovala, akunjenjemera. Ndinaliza belu, osabwera munthu.

"Abusa," anatero motsitsa mawu, ndipo kanali koyamba kuwamva akuyankhula motsitsa, "musandisiye chonchi kuti atsikana aja adzandipeze."

Lamulo ndinkalidziwa. Koma munthuyo anali wa msinkhu wa bambo anga. Ndinawafunditsa thaulo, ndinalowetsa manja m'khwapa mwawo, ndinakoka. Msana wanga unalira. Wophika, amene anali pansi kukhitchini wailesi ili yotsegula, anakwera kudzafunsa kuti wathyola mpando ndani. Anatipeza tagona awiri pansi, mapewa atagundana, a Tam akundifotokozera mmene ankalumikizira zitsulo za sitima, kuti mwina ndingatengepo nzeru.

Patatha milungu iwiri Mayi Moira anaimba foni kuti abwera kudzandiona kunyumba, ku Partick. Apa ndi pamene ndinalakwitsa kwambiri, ndipo nditabadwanso ndingalakwitsenso chimodzimodzi. Masiku amenewo kuchimbudzi ndinkapita chokwawa. Koma abwana sungawalandire uli pabedi ndi kabudula. Mayi anu asanapite ku ntchito anandiveka suti, ntchito ya mphindi makumi anayi, akudandaula kuyambira pa sokosi mpaka pa tayi. Mlendo pogogoda anapeza nditaima kale kuseri kwa chitseko theka la ola, chifukwa ndikanakhala pansi sindikanadzukanso. Anabwera ndi mphesa ndi khadi losainidwa ndi onse, a Tam atajambulapo hatchi. Ndinawapatsa mpando wanga. Ndinawaphikira tiyi. Atafunsa za msana ndinayankha mmene munthu woleredwa amayankhira, kuti ndikupezako bwino, zikomo kwambiri.

Atanyamuka kuti azipita, ndinatenga chikwama chawo.

"Wedson, mukutani?"

"Ndikuperekezeni pang'ono."

"Khalani pansi, bambo inu! Njira ndikuidziwa."

"Kwathu mlendo satsika yekha masitepe ngati anabwera kudzalanda katundu."

Inu ana mukuwadziwa masitepe a nyumba ija, makumi asanu ndi awiri. Mukudziwanso kuti kuchokera pakhomo kufika pa siteshoni ya Partick ndi mphindi zisanu ndi ziwiri. Ife tinayenda mphindi makumi awiri ndi zisanu, ine ndikunamizira kuchita chidwi ndi katundu wa m'mawindo a masitolo, ngakhale sitolo yogulitsa zakudya za agalu. Katatu konse anandiuza kuti ndibwerere. Pa geti la siteshoni ndinawapatsa chikwama chawo, ndinawerama pang'ono mwaulemu, n'kukanika kuwongoka. Pobwerera ndinatenga maola awiri. A Jere anandipeza nditakumbatira bokosi lofiira loponyamo makalata, amayi awiri ali pa mzere kumbuyo kwanga ndi makalata awo m'manja, akudikira kuti ndimalize.

Mayi Moira atafika ku ofesi analemba mu fayilo yanga kuti Wedson ndi wansangala, akuti akupeza bwino, ndipo anawaperekeza wapansi mpaka ku siteshoni atanyamula chikwama.

Zaka ziwiri zotsatira

Chithunzi cha kuchipatala chinasonyeza kuti tinthu tiwiri tofewa timene timakhala pakati pa mafupa a msana tinaphwanyika. Ndinabwerera ku ntchito patatha miyezi inayi, n'kupatsidwa zopepuka: kugawa tiyi, kupinda mathaulo, kumvetsera a Tam. A Tam anamwalira chilimwe chotsatira. Pa maliro awo sindinathe kunyamula nawo bokosi, ndinangowayang'ana amuna asanu ndi mmodzi amene ananyamula ndi chisoni cha munthu wodziwa. Posakhalitsa eni nyumba analemba kuti ntchito yogawa tiyi mulibe m'mabuku awo. Kalata yondichotsa anandipatsa ndi Mayi Moira, akulira, ndipo ine ndi amene ndinawatonthoza.

A Jere anayamba nthawi yomweyo. "Achimwene, kasumeni. Mwakhala mukudulidwa ndalama ya yuniyoni mwezi ndi mwezi, mumayesa ndi ya chiyani?"

"Ndimayesa ndi bungwe la maliro."

"Ali ndi maloya! Aulere!"

"A Jere, munthu anakwera masitepe makumi asanu ndi awiri ndi mphesa m'manja kudzandizonda. Bambo anga atamwalira anayendetsa envulopu. Lero ndikamuimike pamaso pa woweruza? Ku Ntcheu akamva adzati chiyani?"

"Ku Ntcheu sakulipirirani lendi."

Ndinakana. Mayi anu anangoyamba kutenga mashifiti owonjezera, masiku asanu ndi limodzi pa mlungu, nthawi zina asanu ndi awiri. Ankafika kunyumba mapazi atatupa moti nsapato tinkachita kuwavula anthu awiri. Ine ndinkaphika, kuchapa, ndi kudziuza kuti ndasunga ulemu.

Chaka chakhumi ndi chinayi, sukulu zinayi

Iwe Tadala unabadwa wotsutsa. Uli ndi zaka zisanu ndi chimodzi unandifunsa kuti lamulo logona 8 koloko analemba ndani ndipo apilo yake imapita kuti. Choncho utanena kuti ukufuna kuphunzira zamalamulo palibe anadabwa. Unandifotokozera kuti malamulo a ku Scotland ndi osiyana ndi a ku England, ndipo wofuna kukhala loya kuno ayenera kuphunzira konkuno. Ndinaona kuti n'zomveka. Ife kwathu tinalandira nyimbo za ku Scotland ndi malamulo a ku England, n'chifukwa chake timaimba bwino kuposa mmene timasumirana.

Popeza mayi ako anali pa ntchito, wopita nawe pa masiku oonera mayunivesite ndinali ine. Tinaona anayi. Iwe unkayerekeza maphunziro, aphunzitsi, ndi kumene omaliza amakapeza ntchito. Ine ndinkayerekeza masitepe ndi mabenchi. Ya ku Aberdeen inali yabwino, koma mphepo inandilanda chipewa pa geti penipeni, ndipo a Jere ali ndi msuweni kutsidya kwa nyanja ku Norway amene amalumbira kuti anachiona chikudutsa. Ya pa phiri, kufupi ndi nyumba yathu, inali ndi nyumba zamiyala zimene ukalowa umayamba kunong'ona wekha. Masitepe ake ndinawerenga mpaka zana n'kusiya. Ya ku Edinburgh ndi imene inakutenga mtima. Ndinaona mmene unasisitira khoma la laibulale poganiza kuti sindikuona. Kenako tinakaona kachipinda kogona ophunzira, kamene munthu akagona mapazi amakhala kwa aneba, n'kumva mtengo wake pa mwezi. M'sitima pobwerera unati, "Edinburgh ndi yodzimva, adadi. Ndikhala ku Glasgow konkuno, ndizigona kunyumba." Sunandiyang'ane. Ndinadziwa kuti wawerengera mashifiti a mayi ako.

Yomaliza kuona inali ya pakati pa tauni ya Glasgow, mu Okutobala. Kunja inkaoneka ngati depoti yanga ya feteleza, koma ophunzira ake anali ndi kaofesi kothandiza anthu wamba pa milandu yawo kwaulere, ndipo zimenezo zinakusangalatsa. Mphunzitsi wina wamkazi anapereka phunziro lachitsanzo m'holo yodzaza makolo ndi ana. Ine ndinaima kumbuyo nditatsamira khoma, chifukwa mipando yake inali ya anthu a misana. Anafotokoza za munthu wovulala pa ntchito chifukwa eni ntchito sanakonze chida. Anati munthu wotere ali ndi zaka zitatu zokha kuti akasume, zikatha chitseko chimatsekedwa ngakhale msana utathyoka pawiri. Ndinaona mutu umodzi pa mzere wachitatu ukutembenuka pang'onopang'ono ngati wa kadzidzi. Unali wako. Unawerenga zala. Unandiyang'ana.

Sunadikire kuti tifike kunyumba. Pa siteji ya basi unayamba m'Chingerezi chako cha kuno chothamanga, ndipo utaona kuti ndikunamizira kusamva unalowa m'Chichewa, chimene umachitulutsa pokhapokha ukakwiya.

"Adadi, kwatsala masabata asanu. Asanu!"

"Anthu akutiona, mwanawe."

"Atione! Amami akugwira ntchito masiku seveni chifukwa inu munadya mphesa?"

"Si nkhani ya mphesa. Ndi ulemu."

"Ulemu wa Mayi Moira mwausunga. Nanga wa amami mwauika kuti?"

Basi inabwera, tinakwera, ndipo ndinaima njira yonse ngakhale mipando inalipo. Tsiku limenelo chondiletsa kukhala sunali msana.

Mlungu womwewo

Ndinaganiza masiku anayi. A Jere anandifotokozera ndi mabotolo a sosi pa tebulo la mu lesitilanti kuti wolipira si Mayi Moira, si eni nyumba, koma kampani ya inshuwalansi imene ilibe nkhope, ilibe mayi, ndipo sinazondepo wodwala. Ndinamva. Komabe dzina la Mayi Moira likanalembedwa m'mapepala, ndipo ine sindikanachita chinthu chotere kuseri kwawo. Ndinavalanso suti, ndinakwera sitima ya ku Dennistoun, n'kukagogoda pakhomo pawo. Anali atapuma ntchito chaka chomwecho.

"Mayi," ndinatero nditakhala m'mphepete mwa mpando, manja pa mawondo, "ndabwera kudzapempha chilolezo chokusumirani."

Anadzuka, analowa kuchipinda, n'kubwera ndi chitini cha mabisiketi. Ndinayamba kuthokoza. Munalibe mabisiketi. Munali makalata anayi amene analembera eni nyumba za hoisiti ija, ndi mayankho ake.

"Zaka zitatu ndakhala ndikudikira kalata ya loya wanu, chitsiru cha munthu inu," anatero. "Ndili pa ntchito pakamwa panga panali pomangidwa. Nditapuma ndinachita manyazi kukuimbirani. Nanga inu mumadikira chiyani?"

"Munandibweretsera mphesa."

"Zinali zotsitsidwa mtengo, Wedson."

Loya wa yuniyoni, a Fraser, bambo wadazi wosaseka, anapereka mapepala kukhoti kutatsala masiku asanu ndi anayi. Atamva kuti ndinakapempha chilolezo kwa mboni ya mbali inayo, anavula magalasi n'kutseka maso kwa kanthawi. Ndinayesa akupemphera, ndipo ndinati ameni.

Zaka za makalata

Ainshuwalansi anayankha patatha miyezi. Anati choyamba, ndinaphwanya lamulo ponyamula munthu ndekha. Chachiwiri, munthu wothyoka msana sayenda wapansi mpaka ku siteshoni atanyamula chikwama cha mayi, ndipo anatumiza tsamba lija la mu fayilo, mzere wake ataupaka inki yachikasu. Anati andipatse kandalama kongokwanira matiresi abwino, nkhani ithe.

A Fraser anandiitana. "Bambo Wedson, ndiuzeni kuti izi si zoona."

"N'zoona. Chikwamacho chinali chabulauni."

"Mwanena nokha kuti kuchimbudzi munkapita chokwawa. Munatsikiranji masitepe makumi asanu ndi awiri?"

"Anali mlendo."

"Ndiye?"

"Ndiye anali mlendo."

Tinayang'anana, aliyense akuganiza kuti mnzake mutu sukuyenda bwino. Pamapeto pake anati ngati mwambo umenewu ulipodi, akufuna wina aulembe n'kusaina. Ndinangoitchula nkhaniyi kutchalitchi Lamulungu tikumwa tiyi. Pofika Lachitatu a Fraser anali ndi makalata makumi atatu ndi imodzi. Mayi wina analemba kuti anaperekeza apongozi ake ku basi tsiku lomwe anatuluka kuchipatala ndi mwana wakhanda. Bambo wina analemba kuti kwawo ku Rumphi anaperekeza mlendo, mlendoyo n'kumuperekezanso pobwerera, ndipo nkhaniyo inatha patatha masiku awiri. Amayi a mpingo anafunsa tsiku la mlandu kuti abwere onse ndi yunifolomu. A Jere analemba za bokosi lofiira lija. Koma kalata imene inagwira ntchito inali ya Mayi Moira. Analemba kuti tsiku limenelo nkhope yanga inali yotuwa ngati phulusa, thukuta likudontha m'Novembala, kuti anandiuza katatu kuti ndibwerere, ndiponso kuti mu fayilo analemba zoti ndine wansangala chifukwa ankaopa kuti akalemba zoona eni nyumba andichotsa ntchito msanga. Tonse awiri tinkatetezana, ndipo pang'onong'ono tikanamalizana.

Pa nthawiyi iwe Tadala unali utayamba kale ku yunivesite ya pakati pa tauni ija, ukugona pabedi lako lakale, ukukwera basi ndi buledi m'chikwama. Ndikanasuma chaka choyamba bwenzi uli ku Edinburgh. Ndinakuuza zimenezi tsiku lina, ndipo unati ndisiye zachibwana, sukulu yako ndi yabwino kuposa zonse ndipo wathandiza kale anthu asanu ndi awiri pa kaofesi kaja. Mwina unanena zoona. Koma ndikulemba pano, pa tsamba limene lilibe nthabwala, kuti ndikudziwa zimene ulemu wanga unakudyera, ndi zimene unawadyera mayi ako.

Mlandu sunafike pamaso pa woweruza. Kutatsala mwezi anatiitanira ku Edinburgh kuti tikambirane, ndipo ndinapita ndi mayi anu ndi Tadala. Ife chipinda china, ainshuwalansi chipinda china, a Fraser akuyenda pakati ngati nkhoswe ya ukwati wovuta. Ankabwera ndi nambala pa kapepala, mayi anu n'kupukusa mutu, iwo n'kubwerera. Anandidula gawo limodzi mwa magawo asanu chifukwa chonyamula a Tam ndekha, ndipo pamenepo sindinatsutse. Nditawapezanso pa matailosi paja ndingalipire gawo limenelo kachiwiri. Pa ulendo wachisanu ndi chiwiri mayi anu anayang'ana kapepalako nthawi yaitali n'kunena kuti, "Sainani, bambo a Tadala." Loya wa ainshuwalansi analowa kudzatigwira chanza. Atatembenuka kuti azipita ndinaimirira, ndipo anthu atatu anandigwira jekete nthawi imodzi.

Meyi wa chaka chakhumi ndi chisanu ndi chiwiri

Anati ndalama zifika m'milungu inayi. Ndinaphunzira kuti mlungu wa ainshuwalansi uli ndi masiku makumi awiri. Boma nalonso linayamba latengapo zimene linkandithandiza nazo ndili pakhomo, popeza boma siliiwala munthu. Zotsalazo chiwerengero chake sindilemba, chifukwa abale athu a ku Ntcheu amadziwa kuwerenga.

Linali Lachisanu m'mawa. Ndinali m'dziwe losambira, pa masewera a odwala misana, ine ndi amayi okalamba asanu ndi atatu, madzi akulekeza m'chifuwa, tikukweza miyendo pomvera wezulo ya mphunzitsi. Ndinaona mayi anu akulowa ndi yunifolomu ya ku ntchito, nsapato atazikuta ndi timapulasitiki tabuluu timene amapereka pakhomo, foni ili m'manja. Anali atapempha ola limodzi kuchipatala, chinthu chimene sanachitepo chibwerereni kuno. Anayenda m'mbali mwa dziwe mpaka pamene ndinali.

"Zalowa," anatero.

"Zonse?"

"Zonse. Ndawauza kale a sisitala kuti Loweruka ndi Lamulungu asandiwerengerenso."

Ndinapukuta m'maso. Madzi a m'dziwe lija amathiramo mankhwala oyabwa m'maso, aliyense amadziwa zimenezo.

"Nanga mwaimiranji chopindika?" anatero mayi anu. "Wongokani, ndinu munthu wa ndalama tsopano."

Ndinayesa. Msana sunalandire nawo uthengawo. Mphunzitsi analiza wezulo, ndipo ine ndi amayi asanu ndi atatu aja tinakweza mwendo wamanzere.